Elder Scrolls VI ikadzatuluka idzafika pa Skyrim? Nanga ndigule makina pano?

Funso la lero lachokera kwa mnyamata wa ku Zomba amene wakhala akusewera Skyrim pa laputopu ya mkulu wake kuyambira ali ku sekondale. Akuti: "Akulu, tinamva kalekale kuti kukubwera The Elder Scrolls VI koma zaka zikungotha palibe chikuoneka. Anzanga ena akuti idzakhala gemu yoposa onse, ena akuti Bethesda inatha, taonani Starfield. Ine ndikusunga kandalama koti ndigule makina odzakoka gemu imeneyi. Ndipitirize kapena ndikungodzinamiza?"

Achimwene, musagule chilichonse panopa chifukwa cha gemu imeneyi. Ndayamba ndi zimenezo dala chifukwa ndi ndalama zanu zomwe zili pachiswe, zifukwa zake ndizifotokoza kumapetoko. Koma nkhani yoti gemuyi idzakhala bwino kapena ayi ndiyotalikirapo, ndipo anzanu awiri onsewo aliyense wagwira mbali imodzi ya zoona.

Choyamba tione zomwe Bethesda, kampani yopanga magemu a Elder Scrolls, yatiwonetsa ndi maso, chifukwa nzochepa kwambiri kuposa mmene ma vidiyo a pa YouTube amazikokomezera. Mu June 2018, ku chionetsero cha E3 ku Los Angeles, a Todd Howard, omwe amatsogolera kupanga magemuwa, anaonetsa kavidiyo ka masekondi 36. Mapiri, gombe la nyanja, nyimbo ija timaidziwa tonse, kenako dzina. Basi. Panalibe munthu akuyenda, panalibe lupanga, panalibe tsiku, olo kutchula kuti ndi chigawo chiti cha Tamriel, dziko lopeka lomwe magemuwa amachitikiramo. Madzulo omwewo ndi pomwe amaonetsa Fallout 76 yomwe ndi ya pa intaneti komanso kagemu ka pafoni ka Blades, nde mmene ndimaonera ine kavidiyo kaja kanali kongotonthoza anthu amene amaopa kuti kampaniyi yasiya magemu osewera wekha. Mu 2023 a Howard eni ake anavomera pocheza ndi magazini ya GQ kuti akanakhala kuti akubwereza akanalengeza mwakachetechete kusiyana ndi mmene anachitira.

Apa mpomwe anthu ambiri amasokonekera. Amawerenga kuyambira 2011 pomwe Skyrim inatuluka, kapena 2018, nkumati gemu yomwe yapangidwa zaka zonsezi ikuyenera kukhala yoopsa. Ayi ndithu, siinali kupangidwa zaka zonsezo. Bethesda Game Studios imaika mphamvu zake pa gemu yaikulu imodzi nthawi imodzi: Oblivion 2006, Fallout 3 mu 2008, Skyrim 2011, Fallout 4 mu 2015, Fallout 76 mu 2018, Starfield 2023. Anthu ambiri anasamukira ku Elder Scrolls VI Starfield itatha. Mu June 2023 mkulu wa Xbox a Phil Spencer ali m'khoti pa mlandu wa Microsoft ndi bungwe la boma la America loona za malonda la FTC wokhudza kugula kampani ya magemu ya Activision, ananena kuti gemuyi ikadali kutali zaka zisanu kapena kuposera apo. Mu March 2024, pokumbukira zaka 30 za Elder Scrolls, Bethesda inalemba kuti ayamba kusewera timagawo toyambirira mkati mwa kampani. Nde ikamadzatuluka idzakhala gemu ya zaka zisanu kapena zisanu nchimodzi za ntchito yeniyeni, ngati magemu ena onse akuluakulu a masiku ano. Amene akuyembekezera ntchito ya zaka 15 adzakhumudwa olo gemuyo itakhala yabwino.

Za chigawo chomwe gemuyi idzachitikire, anthu ambiri akuti ndi Hammerfell, ena akuti High Rock, ena akuti zonse ziwiri ngati mmene zinalili mu Daggerfall ya 1996 yomwe inachitikira kuzungulira Iliac Bay. Zimenezi ndi zongoganizira za osewera poyang'ana mapiri a mu kavidiyo kaja, musazitenge ngati nkhani yotsimikizika. Koma ndikuuzeni kuti mtima wanga uli ku Hammerfell ndipo sindibisa. Ndi kwawo kwa ma Redguard, anthu akuda a mu Tamriel, omwe anachokera ku Yokuda dziko lawo litamira, akatswiri a lupanga. Mu mbiri yomwe ili mu Skyrim momwemo, Empire, ufumu waukulu wa ku Tamriel, itasaina pangano la White-Gold Concordat ndi ma Thalmor, olamulira a ufumu wa adani ake wa Aldmeri Dominion, nkuvomera kupereka mbali ya Hammerfell, ma Redguard anakana, Empire inawasiya okha, iwo anamenya nkhondo okhaokha mpaka Aldmeri Dominion inachoka. Mukukumbukira ankhondo a Alik'r aja amafunafuna Saadia ku Whiterun? Nkhani ija ndi kachidutswa chabe ka zimenezi. Gemu yaikulu chonchi yomwe dziko lonse, mafumu ake, milungu yake ndi mikangano yake ndi ya anthu ooneka ngati ife, simagemu ambiri a mtundu uwu omwe anachitapo zimenezo. Kale mu 1998 kunali kagemu kotchedwa Redguard ka pachilumba cha Stros M'Kai koma kanali kakang'ono ndipo anakasewera ndi ochepa.

Tsopano mnzanu uja akuti taonani Starfield. Ndikumumvetsa. Starfield inabwera mu September 2023 ndi mapulaneti oposa 1,000, ndipo vuto lake lalikulu linali lomwelo lomwe amalinyadira. Palibe gulu la anthu lingakonze mapulaneti 1,000 ndi manja, nde kompyuta ndi yomwe imayala malo ambiri nkumamwaza nyumba zomwezomwezo. Umatera pa pulaneti ina, uyenda mtunda wopanda kanthu, ufika pa labu, nkupeza kuti ndi labu yomwe ija unalowa dzulo pa pulaneti ina, mtembo uli pakona pomwe paja, kakalata kali pa tebulo lomwe lija. Ukaona zimenezo kawiri katatu chidwi chofufuza chimafa. Kuyenda kwake nakonso kunali kwa pa menyu, dinani apa, sikirini yakuda, dinani apo, sikirini yakuda.

Nanga Skyrim chomwe chinatigwira nchani? Sinali nkhani ya Alduin ayi, anthu ambiri sanaimalize nkomwe. Chinali chakuti ukatuluka kuphanga la ku Helgen nkumatsika kupita ku Riverwood, umakweza maso nkuona zipilala za Bleak Falls Barrow pamwamba pa phiri, ndipo umadziwa kuti ndikafuna ndikafika pamenepo ndi miyendo yanga. Umanyamuka kuti ndikupita ku Ivarstead kukakwera masitepe 7,000 a ku High Hrothgar, panjira waona kaphanga, walowa, wapeza buku la munthu wakufa lomwe lakutumiza kwina, maola atatu atha ku Ivarstead sunafike. Ndipo tsiku lomwe unatsika pansi pa mabwinja a ma Dwemer nkutulukira mu Blackreach, bowa zikuluzikulu zikuwala mumdima, dziko lathunthu pansi pa dziko, palibe amene anakuuza kuti kuli zoterezi. Zonsezi munthu anakhala pansi nkuziika pamalo pake ndi manja, poganizira kuti wosewera akakhota apa aone chakuti.

Nchifukwa chake ine sinditenga Starfield ngati umboni woti Elder Scrolls VI yalephereratu. Matenda a Starfield anabwera ndi mlengalenga, danga lalikulu lopanda kanthu pakati pa malo ndi malo. Elder Scrolls ndi nthaka imodzi yolumikizana, ndipo kupanga nthaka yotere ndi ntchito yomwe Bethesda amaidziwa kuposa wina aliyense. Olo Fallout 76 yomwe inayamba moipa zedi mu November 2018, yodzadza ndi ma bug, zolakwika za mu pulogalamu, komanso yopanda anthu oyankhula nawo, mapu ake a West Virginia anthu amawayamikira mpaka pano. Chomwe ndidzayang'ane ine tsiku lomwe adzaonetse gemuyi ikuseweredwa ndi chimodzi: akayamba kudzitama ndi kukula kwa mapu, kuti ndi aakulu kakhumi kuposa Skyrim, mizinda mazana, pamenepo mpamene ndidzayambe kuopa.

Kukayika komwe ndikukuona kuti nkoona kuli pena, ndipo kunayamba Starfield isanabwere. Elder Scrolls iliyonse yakhala ikuchotsa zinthu. Morrowind ya 2002 inali ndi ma skill 27, Oblivion 21, Skyrim 18. Mu Skyrim anachotsanso ma attribute monga Strength ndi Intelligence, anachotsa kupanga ma spell ako wekha. Zina mwa izi zinathandiza kuti anthu ambiri alowe, ndipo sindinganyoze zimenezo chifukwa enafe tinalowera khomo lomwelo, gemu yomwe yagulitsidwa makope oposa 60 miliyoni siinalakwitse zonse. Koma mtengo wake unali wakuti zosankha zako zinasiya kulemera. Mu Skyrim munthu mmodzi yemweyo amakhala mkulu wa ma Companions, mkulu wa Thieves Guild, mkulu wa Dark Brotherhood, komanso Arch-Mage wa College of Winterhold chonsecho matsenga akudziwa awiri atatu okha. Umamaliza nkhondo ya ma Stormcloak ndi ma Imperial, chomwe chasintha ndi ma jarl, mafumu a mizinda, pamipando ndi mayunifolomu a alonda, moyo wa m'tauni uli chimodzimodzi. Anthu ofunika pa nkhani sungawaphe, amangogwada kenako nkudzuka. Mu Morrowind umatha kupha wina aliyense, gemu imangokuchenjeza kuti wadula ulusi wa ulosi, kaya ubwerera ku sevu yakale kaya upitiriza m'dziko lomwe waliwononga, zili ndi iwe. Kuti ulowe maudindo apamwamba mu gulu la amatsenga umayenera kukhaladi ndi luso la matsengawo.

Mu 2011 zimenezi timazikhululukira chifukwa panalibe wina amene amapereka dziko lotere. Pano zinthu zinasintha. The Witcher 3 inabwera mu 2015 nkuonetsa kuti olo ka quest kapambali kangathe kukhala ndi nkhani yoti ukagona ukuiganizira, aliyense amene anadutsa nkhani ya Bloody Baron akudziwa zomwe ndikunena. Elden Ring mu 2022 inaonetsa kuti osewera safuna kugwiridwa dzanja ndi kamuvi pa mapu nthawi zonse. Baldur's Gate 3 ya Larian Studios a ku Belgium inabwera mu August 2023, mwezi umodzi Starfield isanatuluke, ndipo kufananitsa kwake kunali kowawa, uku gemu yomwe pafupifupi chilichonse ungaganize kuchita olemba anachiganizira kale nkuchikonzera zotsatira, uku anthu oima chilili akukuyang'ana m'maso mokhamokha akamayankhula. Kingdom Come: Deliverance II ya a Warhorse ku Prague mu February 2025 inatenga zomwe zija Bethesda amadziwika nazo, anthu okhala ndi ndandanda ya tsiku, kudzuka, kugwira ntchito, kukagona, nkuziphatikiza ndi dziko lomwe limakumbukira ukaba kapena ukayenda ndi zovala zamagazi. Funso lenileni nlakuti kodi Bethesda yaphunzirapo pa anzawowa? Chilungamo chake Starfield inayesako, inabweza ma background ndi ma trait, kusankha mbiri ndi makhalidwe a munthu wako, inasiya zija za Fallout 4 zoti munthu wako aziyankhula ndi mawu nkumasankha pa mayankho anayi okha, ndipo nkhani ya UC Vanguard inali yolembedwa bwino ndithu. Nde luso lilipo, kungoti silimafalikira gemu yonse.

Palinso nkhani ya anthu. Skyrim inapangidwa ndi gulu la anthu pafupifupi 100, pofika mu 2023 kampaniyi inali ndi anthu oposa 400 m'maofesi a ku Rockville, Montreal, Austin ndi Dallas. Gulu likakula chonchi munthu mmodzi sangangoganiza kanthu kodabwitsa lero nkukaika mu gemu mawa, zimadutsa m'misonkhano. Akale ena monga a Bruce Nesmith omwe anatsogolera kapangidwe ka Skyrim ndi a Kurt Kuhlmann omwe ankasunga mbiri ya Tamriel anachoka. Dzina pa bokosi likhala lomwelo koma manja ambiri ndi atsopano. Zimenezi zimatha kupita uku ndi uku. Dragon Age: The Veilguard inatuluka pa 31 October 2024, zaka khumi chitulukireni Inquisition, itasinthidwasinthidwa mkati ndipo akale ambiri a BioWare, kampani yomwe inaipanga, atachoka, ndipo EA, eni ake a BioWare, inanena yokha kuti inafikira osewera 1.5 miliyoni, pafupifupi theka la omwe amayembekezera. Koma Baldur's Gate 3 inabwera zaka 23 pambuyo pa yachiwiri ya mu 2000, yopangidwa ndi kampani ina kotheratu, nkutenga mphoto ya gemu ya chaka. Kudikira nthawi yaitali pakokha sikutiuza kanthu.

Pomwe ndimasiyana ndi anthu ambiri pa intaneti ndi pa nkhani ya injini, pulogalamu yomwe gemu imamangidwapo. Mumva akuti Creation Engine ya Bethesda ndi yakale, ataye atenge Unreal Engine 5. Ine ndikuti ayi, ndipo ndikutsimikiza. Injini imeneyi ili ndi mavuto ake, nkhope zouma, kulodi ukamalowa nyumba iliyonse, ma bug osatha. Koma ndi yomweyo imakumbukira kuti supuni ija unaiponya pansi m'nyumba mwako ku Whiterun maola 80 apitawo ikadali pomwepo, kuti buku lililonse pa shelefu ungalitenge nkuliwerenga, kuti munthu ukamupha ungavule zomwe wavala nkuvala iwe. Dziko la Elder Scrolls limamveka lamoyo chifukwa cha tinthu timeneti. Ndipo ndi injini yomweyi yapangitsa kuti ma mod, zosintha ndi zowonjezera zomwe osewera amapanga okha, atheke. Creation Kit, chida chopangira ma mod, itatuluka mu 2012 osewera anakonza ma bug omwe kampani inawasiya, anawonjezera mizinda, ena anapanga magemu athunthu, Enderal ya gulu la SureAI ku Germany ndi gemu ina yathunthu yomangidwa pa Skyrim, The Forgotten City inayamba ngati mod mu 2015 nkudzakhala gemu payokha mu 2021. Popanda ma mod Skyrim bwenzi itaiwalika kale. Onani Oblivion Remastered ya April 2025, Unreal 5 anaiika pamwamba kuti zioneke bwino koma pansi pake ikuyendetsa zinthu ndi injini yakale yomwe ija, ndipo kudodomadodoma komwe anthu anadandaula nako ukamayenda panja kukusonyeza kuti Unreal si mankhwala a chilichonse.

Chomwe chimandidetsa nkhawa pa ma mod ndi ndalama. Kampani imeneyi ndi yomwe mu 2006 inagulitsa zovala za hatchi mu Oblivion pa madola awiri ndi theka. Mu 2015 anayesa ma mod olipira pa Steam, sitolo ya magemu a pa kompyuta ya pa intaneti, anthu anakwiya mpaka anazichotsa patangotha masiku ochepa. Anabweranso ndi zowonjezera zolipira za Creation Club mu 2017, kenako Creations kumapeto kwa 2023, ndipo mu 2024 mu Starfield anagulitsa mishoni imodzi ya Trackers Alliance pa madola 7. Njira yomwe akulowera ikuoneka. Kwa munthu wa ku America madola 7 ndi kanthu kochepa, kwa inu ndi ine tikawasintha mu kwacha, kuphatikizapo vuto lopeza khadi yolipirira kunja, ndiye kuti mbali ina ya gemu yatitsekera panja.

Tsopano mbali yovuta kuimva. Skyrim yomwe mukuikumbukira inu si gemu yokha, munali ku sekondale, holide yonse ili yanu, laputopu yobwereka, ndipo mwina inali nthawi yoyamba kuona kuti gemu ingakulole kungoyenda kulikonse. Kudabwa koyamba kuja sikubwera kawiri. A Nesmith omwewo ananenapo atachoka kuti zomwe osewera akuyembekezera pa gemu yachisanu nchimodziyi nzovuta kwambiri kuzikwaniritsa, ndipo ndikugwirizana nawo. Aliyense wamanga Elder Scrolls VI yakeyake m'mutu, wina akufuna kuya kwa Morrowind, wina akufuna nkhondo ya lupanga ngati Elden Ring, wina nkhani ngati Baldur's Gate 3, wina zombo zapanyanja ndi kumanga mudzi, ndipo ambiri akuyerekeza ndi Skyrim yawo ya ma mod 300 osati yomwe inatuluka pa 11 November 2011 ija, yomwe ma dragon ena amauluka chobwerera m'mbuyo pambuyo pa patch ina ndipo pa PS3 imayamba kukakamira sevu ikakula. Mukandifunsa kuti ndikuyembekezera chani, ndikuti dziko lokongola loti uzisocheramo mosangalala, nkhondo yabwinoko pang'ono, nkhani zina zabwino zina zozizira, ma bug ambiri mwezi woyamba, ndi phokoso lalikulu pa intaneti la anthu okhumudwa. Ndipo ndikuganiza kuti ndidzaisewera maola mazana. Zoti idzagwedeza dziko ngati mmene Skyrim inachitira, zimenezo ndikukayika.

Tibwere ku ndalama zija. Kugula makina lero chifukwa cha gemu yopanda tsiku kuli ngati kusokera mwana yunifolomu ya sukulu asanabadwe. PS5 ndi Xbox Series X zinatuluka mu November 2020, zakalamba kale, ndipo gemuyi ikhoza kudzafika makina ena atsopano atabwera. Palinso nkhani ya mwini wake, Microsoft inagula ZeniMax, kampani yomwe ndi eni a Bethesda, pa madola 7.5 biliyoni ndipo zonse zinatha mu March 2021. Starfield potuluka inali ya Xbox ndi kompyuta basi. Kenako Microsoft inayamba kufewa, Indiana Jones and the Great Circle inapita pa PS5 mu April 2025 ndipo Oblivion Remastered inatuluka pa PS5 tsiku limodzi ndi pa Xbox. Mfundo zawo zikusinthasintha, nde amene akugula PS5 lero ndi chiyembekezo cha gemu iyi akuchita juga. Kompyuta ndiye malo okhawo omwe Elder Scrolls iliyonse yaikulu yatulukirapo kuyambira Arena mu 1994, ndiponso ndi komwe ma mod ali ndi ufulu wonse.

Ndikudziwa kuti kusunga kwacha nakonso kuli ndi vuto lake, tonse tinaona mu November 2023 itagwa ndi 44 peresenti, ndalama yomwe ikanagula makina dzulo lero yangokwana theka ndi pang'ono. Nde ngati mukufuna kompyuta pa zifukwa za lero, sukulu, ntchito, magemu omwe alipo kale, gulani, koma gulani ya desikitopu yoti mungadzasinthe graphics card ndi kuwonjezera RAM mtsogolo, osati laputopu yomwe zonse nzomatiridwa. Ikhale ndi SSD, Starfield imafuna SSD, RAM ya 16GB ndi malo okwana 125GB, ndipo Elder Scrolls VI siidzafuna zochepera apo. Muganizirenso za bandulo yodaunilodira zinthu zoposa 100GB kuphatikiza ma patch, ndi ka UPS koti magetsi akathima makina asapse. Graphics card yodula ija ndi yomwe muisiye mpaka adzalengeze zofunika zenizeni. Nthawi mudzakhala nayo, Skyrim inalengezedwa December 2010 nkutuluka November 2011, Fallout 4 anaionetsa June 2015 nkutuluka November chaka chomwecho, nde pakati pa kuonetsa ndi kutulutsa pamakhala miyezi ingapo yokonzekera.

Ndipo musadzalipiriretu isanatuluke, olo vidiyo yake idzakome bwanji. Cyberpunk 2077 inali ndi ma vidiyo okoma kuposa onse, itatuluka mu December 2020 inali yosaseweredwa pa PS4 mpaka Sony inaichotsa mu sitolo yake kwa theka la chaka. Gemu yogula pa intaneti siitha mu shelefu, dikirani milungu itatu inayi muone anthu wamba akuisewera pa makina ofanana ndi anu.

Podikira pano laputopu ya akulu anuyo ikadali ndi ntchito. Ngati Skyrim yanu ndi ya pa Steam, Enderal ndi yaulere ndipo nkhani yake ndi yolemera kuposa ya Skyrim. Morrowind imayenda pa makina akale kwambiri, makamaka mukaiyendetsa ndi OpenMW, injini yomwe osewera anaipangira, ingopirirani maola oyambirira pomwe lupanga limaphonya chinthu chili pamphuno, mukadutsa pamenepo mudzamvetsa chomwe akale amadandaula kuti chinatayika. Fallout: New Vegas ya 2010 inapangidwa ndi Obsidian pa injini ya Bethesda yomweyo ndipo ndi umboni woti zosankha zolemera zimatheka pa injini imeneyi. Daggerfall nayo Bethesda inaipereka ulere kuyambira 2009, muiyike ndi Daggerfall Unity kuti iziyenda bwino pa makina a masiku ano, ndipo mukatero mukhoza kukafika ku Sentinel, mzinda wa ku Hammerfell, sabata ino yomwe.